Wailesi Yomwe Sindingaigwire

Magetsi azimanso ku Matero.
Chitsulo changa chowotcherera mawaya chazizira pa benchi,
mawailesi asanu ndi awiri ali mimba pamtunda, kudikira,
ndipo ine ndakwera padenga la shopu
pomwe mphepo ya mu Juni imaluma makutu.
Lusaka akazima, thambo limayaka.

Yotamu, mnyamata wondithandiza, ndiye anabwera nayo nkhani,
chala chili pagalasi long'aluka la foni yake:
"Abwana, kuli chombo chinanyamuka chaka chomwe munabadwa,
mpaka lero sichinafike."
Ndinati, chikupita kuti?
Anati, palibe. Chikungopita.

Chinadutsa dziko lalikulu lamizeremizere,
chinadutsa lija lovala mphete,
kenako chinapyola malire
kumene mphepo ya dzuwa imathera mphamvu,
monga minibasi ikapitirira Chilanga usiku,
nyali za mzinda n'kutsala m'kalilole,
kondakitala n'kuleka kuitana.

Koma akuti chimalankhulabe.
Mphamvu ya mawu ake ndi ya kababu ka m'firiji.
Ukachilonjera Lolemba m'mawa
yankho limakupeza Lachitatu,
lowonda, lotopa, longa phazi la nyerere pamalata,
ndipo alipo anthu otchera makutu achitsulo
otambalala ngati bwalo la mpira
kuti asaphonye ngakhale kachilembo kamodzi.

Ine zaka makumi atatu ndili pa ntchitoyi.
Waya wopsa ndimamudziwa ndi mphuno.
Ndimagogoda, ndimauzira fumbi, nthawi zina ndimatukwana.
Koma iwo, chitadwala n'kuyamba kubwebweta,
anachichiza osachikhudza,
opanda sikuludiraiva, opanda tochi pakamwa,
ndi mawu okha, ndi kudikira.
Nsanje inandigwira, ndisaname.

Akuti mphamvu ikuchithera.
Akuzimitsa ziwalo zake chimodzichimodzi,
maso anatsekedwa kalekale,
kuti pakamwa pokha patsale moto.
Nzeru imeneyo ife timaidziwa:
lero mdima ku Chawama, mawa ku Kabwata,
kuti kuchipatala nyali isaphethire.

Zelipa wanga anakwera ndege zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo
kukasambitsa nkhalamba za eni ake kudziko lachisanu.
Poyamba ankaimba Lamulungu lililonse,
kufunsa za chifuwa changa, za mtengo wa makala.
Kenako kamodzi pamwezi.
Tsopano timawu tiwiri, pakati pa usiku:
ndili bwino.
Ndimatiwerenga mpaka foni kugona yokha.
Sindidziwa wazimitsa zingati m'kati mwake
kuti tiwiri timeneti tindifike.

Chomwe chandikweza padenga pano n'china.
Yotamu akuti panthiti pa chombocho
anamangirirapo mbale yagolide
yodzaza malonje a zinenero zambiri,
ndipo Chinyanja chathu chilimo.
Chomwechi, chogulira tomato pa Soweto,
chokanganirana chenji m'basi ya ku Kanyama,
chili uko, kuseri kwa malire a dzuwa,
chikuodira pakhomo pomwe palibe khomo.
Mwina sadzayankha aliyense.
Komabe mwana wolangizidwa sadutsa pabwalo osapereka moni,
ngakhale eni ake atapita kumunda.

Ndayang'ana m'mwambamu mpaka khosi kuuma.
Sindidziwa n'komwe kuti ndiloze mbali iti.
Kumusi kuno jenereta ya pabala ikutsokomola,
galu wa a Sakala akuuwa ndege yopita kumpoto,
mayi wina akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto.

Kenako, phwii! magetsi.
Ana a mu komboni yonse akuwa ngati chigoli,
nyenyezi n'kubwerera m'mbuyo, manyazi.
Pansi panga wailesi imodzi yomwe ndinaiwala kuzimitsa
yayamba kusokosera yokha mu shopu.

Ndatsika.
Sindinaipeleke pa siteshoni iliyonse.
Ndaisiya pakati, paja pamangoti shiii,
ndakoka mpando,
ndaika foni pabondo, galasi kumwamba,
ndatchera khutu.